Mwana wa mlongo wanga akufuna uphunzitsi wa ku sekondale: ndithirepo ndalama za mbatatesi?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Akuti:

"Ndine mlimi wa mbatatesi. Mlongo wanga anaferedwa mwamuna, ndiye ana ake ndikuwayang'anira ndine monga mwini mbumba. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 19, wamaliza kalasi 12, ndipo akuti akufuna kukhala mphunzitsi, osati wa tiana ayi, koma wa anyamata ndi atsikana osinkhukirapo. Ine sukulu ndinalekezera kalasi 4. Tandiuzeni, aphunzitsi amenewa amachokera kuti, amaphunzira zaka zingati, ndipo ntchito yawo imakathera pati? Ndimamva kuti ena amakhala zaka osalembedwa ntchito, komanso kuti ana a msinkhu umenewu ndi amwano. Kodi ndi njira yoti munthu n'kuthirapo ndalama za zokolola zake?"

Zikomo amalume, ndipo mwachita bwino posataya mbumba yanu. Ine ndine mayi wa ku Angónia. Ndinagwira choko zaka zoposa 35, poyamba ku pulayimale, kenako ku sekondale, ndipo ndisanapume ndinakhala zaka zingapo ndikusula aphunzitsi atsopano. Zimene mwafunsazi ndi moyo wanga womwe, choncho mundilole ndilankhule motalikirapo.

Ndisakuzungulitseni. Inde, njirayi ndi yoti n'kuthirapo ndalama. Koma ndalama zanuzo zidzagula pepala lokha. Pepalalo ndi limene limanena kalasi imene mtsikanayo adzaloledwe kuphunzitsa ndi malipiro amene azidzalandira. Luso loimirira pamaso pa ana 70 a zaka 14 n'kuwagwira mtima silikhala papepalapo. Limenelo amakalitola kwa aphunzitsi akale amene adzawapeze pasukulu, ndipo limamera mwa munthu amene anawo akuwafunadi. Musanagulitse thumba ngakhale limodzi, tiyeni tione zonse ziwiri.

Mutalowa m'chipinda chopumulira aphunzitsi pa sekondale iliyonse, kaya ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Zóbuè, mupeza anthu amene anafika pamenepo podzera njira zosiyana kwambiri, ndipo njira iliyonse ili ndi nyengo yake m'mbiri ya dziko lino.

Amene anatiphunzitsa ife anali a kumishoni. Kuyambira 1940, dziko la Portugal litapangana ndi Vatican, sukulu za ana akuda zinaikidwa m'manja mwa mishoni za Katolika, ndipo kuno kwathu munthu wophunzira ankadziwika ndi mishoni ya Lifidzi, Fonte Boa kapena Boroma. Mphunzitsi wa masiku amenewo anali katekisiti yemweyo, m'mawa zilembo, madzulo katekisimu. Ana ambiri ankalekezera kalasi 3 kapena 4, ndipo sekondale inali ya ana a azungu ndi ena owerengeka a m'tawuni. Pofika ufulu mu 1975, anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse sankadziwa kuwerenga. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga sukulu zonse, ndipo aphunzitsi achipwitikizi ambiri anabwerera kwawo. Ana anadzaza m'makalasi, wowaphunzitsa palibe. N'chifukwa chake pa 8 Malichi 1977 Samora Machel anaitana ophunzira a makalasi apamwamba a sekondale kuti ayambe asiya zimene ankalakalaka, akatumikire dziko, ambiri a iwo pa uphunzitsi. Mpaka lero amatchedwa Geração 8 de Março, m'badwo wa pa 8 Malichi. Ena ankafuna udokotala, ena uinjiniya, koma anathera pa bolodi, ndipo kwa zaka zambiri mizati ya sekondale za dziko lino anali iwowo.

Ine ndinalowera pa khomo laling'ono kuposa limenelo. Ndinamaliza kalasi 6 n'kuphunzira uphunzitsi chaka chimodzi, njira imene inkatchedwa 6+1. Ndinali ndi zaka 18, ndipo ena mwa ana anga okhala kumbuyo anali atayamba kale kumeta ndevu.

Kenako nkhondo. Inu a ku Tsangano simufunika wokuuzani. Sukulu zinatenthedwa, aphunzitsi ankasakidwa chifukwa ankaonedwa ngati anthu a boma, ndipo mu 1986 ndinaolokera ku Dedza, mwana kumsana, wina kudzanja. Malawi inasunga othawa nkhondo a dziko lino oposa 1 miliyoni. Tinkaphunzitsa pansi pa mitengo ndi m'zisakasa, ana ena n'kulowa sukulu za ku Malawi komweko. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinayamba kubwerera, n'kupeza makoma opanda denga. Ndikukumbutsa zimenezi chifukwa aphunzitsi ambiri a zaka za m'ma 40 amene ali m'sekondale zathu lero ndi ana a nthawi imeneyo. Anayamba kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, Chipwitikizi n'kudzachigwira atakula. Aphunzitsi a Chingerezi abwino kwambiri amene ndinagwira nawo ntchito anachitengera kumeneko. Ndipo munthu amene anavutikapo ndi chilankhulo cha m'kalasi sachedwa kuzindikira mwana amene akungogwedeza mutu asakumva kanthu.

Nkhondo itatha, ana anachulukanso kuposa aphunzitsi. Boma linkalemba ngakhale omaliza kalasi 10 kapena 12 amene sanaphunzire uphunzitsi, n'kuwapatsa choko. Panabwera ma IMAP, sukulu zosula aphunzitsi a pulayimale kwa zaka ziwiri pambuyo pa kalasi 10, ndipo mu 2007 nthawiyo inafupikitsidwa kukhala chaka chimodzi, 10+1, kuti aphunzitsi azituluka msanga. Ambiri mwa amenewa anayambira ku pulayimale, n'kumaphunzira usiku ndi pa tchuthi mpaka kupeza digiri, kenako n'kukwera ku sekondale. Inenso ndinadzera momwemo, ndipo digiri yanga ndinailandira ndili kale ndi mdzukulu. Pali gulu linanso la amene anaphunzira zina, monga zaulimi ku nthambi ya yunivesite ya UniZambeze ya ku Ulónguè, zamigodi kapena zowerengera ndalama. Ntchito ya ku malasha ku Moatize kapena ya ku fodya itasowa, anabwera kudzaphunzitsa Biologia, Agro-Pecuária kapena masamu. Ena a iwo anaikonda ntchitoyi n'kusanduka aphunzitsi enieni, ndipo ndimawalemekeza. Ena amaphunzitsa maso ali kumsewu, kudikira galimoto yowachotsa pamenepo, ndipo ana amadziwa. Mwana wa zaka 15 sachedwa kuona kuti munthu wamkuluyu sakufuna kukhala naye.

Tibwere kwa mwana wanuyo. Lamulo la maphunziro la mu 2018, Lei 18/2018, linasintha makwerero a sukulu. Pulayimale tsopano ndi kalasi 1 mpaka 6, sekondale ndi 7 mpaka 12, ndipo mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9. Mu 2023 kalasi 7 inasamukira ku sekondale, ndipo sukulu zina za pulayimale zinakwezedwa kukhala escola básica, zofika mpaka kalasi 9, kuti ana asamayende mitunda italiitali. Ndiye kuti msinkhu umene iye akuufunawo, wa zaka 12 mpaka 15, ndi umene wafika pafupi ndi midzi yathu tsopano, ndipo ukufunika anthu amene anausankha dala.

Njira zake zilipo ziwiri. Ina ndi ya ku yunivesite, yotchedwa licenciatura em ensino, digiri ya uphunzitsi ya zaka 4, ndipo munthu amasankha phunziro limene adzaphunzitse. Kale malo ake anali Universidade Pedagógica, imene inayamba mu 1985 ili Instituto Superior Pedagógico. Mu 2019 inagawidwa kukhala mayunivesite 5, ndipo yathu kuno ndi Universidade Púnguè, likulu lake ku Chimoio, nthambi yake mumzinda wa Tete. Polowa pamakhala mayeso, exame de admissão. Njira inayo ndi ya IFP, sukulu zosula aphunzitsi a pulayimale, monga ya ku Angónia ndi ya ku Chitima, komanso sukulu ya aphunzitsi ya bungwe la ADPP ku Chiúta. Wodzera kumeneku amayamba ndi ana aang'ono, ndipo akalembedwa ntchito angathe kupitiriza digiri ali pantchito pomwepo, monga amachitira ambiri kudzera ku maphunziro apatali a Universidade Católica. Zaka za ku IFP zasinthasintha kambirimbiri m'moyo wanga, choncho musadalire zimene akukuuzani mnzanu amene mwana wake anaphunzira kale. Mtsikanayo awerenge yekha edital ya chaka chino, chikalata cholengeza malo ndi zofunika, akuwerengereni ndi inu.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mtima wake uli pa achinyamata, ndipo munda wanu ungathe kumunyamula zaka 4, apite ku yunivesite mwachindunji. Njira ya ku IFP imaoneka yaifupi koma imatalika pakati. Kuti mphunzitsi aphunzire ali pantchito amafunika chilolezo cha akuluakulu ake, ndipo akamaliza digiriyo, kusinthidwa udindo, kumene timati mudança de carreira, kumadikira kuti boma lipeze ndalama zake. Ndaona anzanga atasunga digiri m'sutikesi zaka zingapo akulandirabe malipiro akale. Koma ngati zaka 4 mumzinda wa Tete zingakumalizeni mpaka ang'ono ake kusowa makope, IFP si chinthu chochititsa manyazi. Ndiwonjezerenso kuti mphunzitsi wochokera ku pulayimale amafika ku sekondale ali ndi chida chimene a ku yunivesite ambiri alibe, ndicho kudziwa kuphunzitsa mwana kuwerenga. Ana ambiri akufika kalasi 7 asakutha kuwerenga ndime imodzi n'kuimva, ndipo wodziwa Química yekha amangoima osadziwa poyambira.

Phunziro limene adzasankhe likhudza kwambiri funso lanu la kudikira ntchito. M'zaka zanga zonse, sukulu za kumidzi zinkasowa aphunzitsi a masamu, Física ndi Química, pamene a História ndi Geografia ankadikira ambiri pa malo amodzi. Ngati mtsikanayo masamu amawatha, musalole wina amuuze kuti amenewo ndi a amuna. Atsikana a kalasi 8 akaona mayi akulemba masamu pa bolodi, ena amene anali atagonja kale amadzuka. Koma asasankhe phunziro limene amadana nalo chifukwa cha malo okha, poti adzakhala nalo m'kamwa tsiku ndi tsiku mpaka imvi.

Powerengera ndalama musaiwale kuti chodula si sukulu yokha. Pali lendi ya chipinda, chakudya, mapepala osindikiza, foni yotha intaneti, ndi ulendo wa chapa, minibasi zathu zija, wobwera kumudzi. Mwana wokulira m'mphepo ya ku Tsangano amavutikanso ndi kutentha kwa m'mphepete mwa Zambezi miyezi yoyamba, ndipo ena amafuna kuthawa. Mudzamulimbitse mtima. Ndipo wina akadzakuuzani kuti mupereke kenakake kuti mwana apeze malo, kanani. Malo ogula amasanduka ngongole imene mwini wake amabwera kudzaitolera m'njira zina, makamaka kwa mtsikana.

Mwafunsa kumene ntchitoyi imakathera. Aphunzitsi a boma amaikidwa m'magulu malinga ndi maphunziro awo, kuyambira N4 pansi mpaka N1, amene ndi a digiri. Womaliza sukulu salembedwa pompo. Amadikira concurso ya m'boma, mpikisano wa malo amene ndalama zake zapezeka chaka chimenecho, ndipo zimene munamva zoti ena amakhala zaka ali pakhomo ndi zoona. Akasankhidwa, mapepala ake amakadindidwa ku Tribunal Administrativo, khoti loona ntchito za boma, n'kukhala zaka ziwiri zoyesedwa asanakhazikike. Malo oyamba kawirikawiri amakhala akutali, ndipo wolola kupita ku Chifunde, ku Marávia kapena ku Zumbo amapeza ntchito msanga kuposa wokakamira ku Ulónguè. Pambuyo pake makwerero alipo: woyang'anira kalasi, amene timati director de turma, mkulu wa aphunzitsi a phunziro limodzi, wachiwiri kwa mkulu wa sukulu amene ambiri amangomuti pedagógico, mkulu wa sukulu, wogwira ntchito ku ofesi ya maphunziro ya m'boma, woyendera sukulu, kapena wosula aphunzitsi monga ndinathera ine. Chuma mulibemo, amalume, ndisakunamizeni. Kuyambira 2022 malipiro a ogwira ntchito m'boma ali pa ndondomeko imodzi yotchedwa TSU, ndipo madandaulo a aphunzitsi pa ndalama za maola owonjezera zimene zimachedwa mwakhala mukuwamva pa wailesi. Chimene chilipo ndi malipiro a mwezi ndi mwezi amene sadalira mvula kapena mtengo wa feteleza, ndi penshoni ukakalamba. Pa banja la mayi wamasiye chimenecho si chaching'ono.

Tsopano za mwano, chifukwa apa ndi pamene pagona ntchito yonse.

Chaka china, ndili director de turma wa kalasi 8 pa sukulu ina, ndinali ndi mnyamata wamtali amene ankagona m'kalasi kawiri pa sabata. Ndinamuchenjeza, osasintha. Tsiku lina ndinamuimiritsa kutsogolo n'kunena pamaso pa atsikana kuti ndi khanda lofunika kuberekedwa kumsana. Kalasi yonse inaseka. Iye anatola makope ake n'kutuluka, ndipo mawa lake sanabwere. Ine ndinalemba m'buku kuti ndi wamwano. Patapita masiku, mphunzitsi wina wachikulire, wa aja a kumishoni, anandiitanira pansi pa mtengo n'kundifunsa mofatsa kuti, "Mayi, munamufunsako chimene amachita usiku?" Sindinamufunse. Mnyamatayo ankakweza matumba a mbatatesi m'malole usiku wa tsiku la msika kuti ang'ono ake apeze makope, ndipo chaka chomwecho anali atalowa kudambwe. Kwawo ankalankhulidwa ngati munthu wamkulu, ine n'kumutcha khanda. Tinapita tonse awiri kwa amalume ake, tinakhala pamphasa, ndipo ndinapepesa. Anabwerera kusukulu, koma sanakhalenso kutsogolo, ndipo chaka chisanathe anapita kukagwira ganyu ya fodya ku Macanga. Mpaka lero ndimamukumbukira.

Nthawi imeneyo ndinali ndi mapepala okwanira. Chimene ndinalibe ndi chimene bambo aja anali nacho, kudziwa kuti zambiri zimene timazitcha mwano ndi manyazi, njala, tulo, kapena Chipwitikizi chimene mwana sakuchimva ndipo akuopa kusekedwa. Wachinyamata umamudzudzulira kumbali. Ukamuchititsa manyazi pagulu, wamutaya, ndipo wataya ndi anzake amene amaonerera. Alipo ana ovutadi, obwera atamwa, otukwana, ndipo mphunzitsi ayenera kukhala ndi mawu amodzi osasinthasintha. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Zimenezi ku yunivesite amazitchula m'phunziro la Psicologia, mwana n'kulemba mayeso n'kukhoza, koma zimalowa m'magazi pokhapokha pali wamkulu pambali pako zaka zitatu zoyamba. Choncho mtsikanayo akadzalandira malo, funso loyamba lisadzakhale lakuti kuli magetsi kapena ayi. Adzafunse kuti pasukulupo pali mayi kapena bambo wachikulire uti amene angamamuonerere akuphunzitsa n'kumuuza zoona. Pa nthawi ya estágio, pamene ophunzira uphunzitsi amatumizidwa kukayeserera m'kalasi, asadzathamangire sukulu yapafupi ndi msika. Adzafune kumene kuli mphunzitsi amene ana ake akale amabwerabe kudzamuona.

Ndipo aphunzitsi a achinyamata si a choko okha. Sukulu zisanabwere, anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe ndiwo ankalandira mwana pa msinkhu umenewu n'kumubweza kwa makolo ali munthu wamkulu. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi sukulu yake kuseri. Namkungwi sakhala namkungwi chifukwa cha pepala. Amayamba ngati phungu, amakhala zaka pambali pa wamkulu, mudzi ukumuona khalidwe, kenako n'kupatsidwa anamwali. Sindigwirizana ndi zonse zonenedwa kuchinamwali. Malangizo amene amachititsa mtsikana wa zaka 13 kudziona ngati wakonzeka kulowa m'banja ndinalimbana nawo moyo wanga wonse. Koma kasulidwe kawo ka mlangizi n'kanzeru, ndipo mphunzitsi amene amawanyoza amadzitsekera yekha khomo. Amene amakhala nawo pansi, pamodzi ndi amfumu ndi a conselho de escola, komiti ya sukulu, amatha kugwirizana kuti chinamwali chizichitika pa tchuthi, ndi kuti namwali akatuluka abwerere m'kalasi. Mwana wanu ali ndi mwayi pamenepa umene mphunzitsi wochokera ku Beira kapena ku Maputo alibe. Amadziwa kugwada polankhula ndi amfumu, amadziwa mawu oyenera pamaliro, ndipo angathe kumasulira phunziro lovuta m'Chichewa mphindi ziwiri n'kubwerera ku Chipwitikizi. Musaiwale kuti pamene dziko lino linkayesa koyamba kuphunzitsa ana m'chilankhulo cha kwawo, kuyambira 1993 mpaka 1997, zilankhulo zimene zinasankhidwa zinali ziwiri, Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja chathu kuno ku Tete. Komabe alimbikire Chipwitikizi chake, aziwerenga chilichonse chimene wachipeza, chifukwa ku sekondale mabuku ndi mayeso zili m'Chipwitikizi, ndipo ana sakhululukira mphunzitsi wolakwitsa pa bolodi.

Palinso achinyamata olangiza anzawo a Geração Biz, ntchito imene inayamba mu 1999, anamwino a SAAJ, mbali ya chipatala yolandira achinyamata, alangizi a m'mipingo, ndi aja ophunzitsa mpira madzulo. Mwa ophunzira anga a uphunzitsi, amene anadzera m'magulu amenewa ankaonekeratu sabata yoyamba. Sankanjenjemera mwana akafunsa funso la thupi lake, ndipo ankadziwa kusunga chinsinsi.

Pali chinthu china chimene simunachitchule koma ndikudziwa kuti chili mumtima mwa kholo lililonse. Alipo aphunzitsi amene amagona ndi ana awo a sukulu, ena posinthanitsa ndi mamakisi. Ndi manyazi a ntchito yathu, ndipo sindidzawabisa. Kwa zaka 15, kuyambira 2003, mtsikana akatenga mimba ankasamutsidwira ku sukulu ya usiku, chilango n'kugwera iye, mpaka lamulolo linachotsedwa mu 2018. Mu 2019 panabwera Lei 19/2019 yoletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo pali nambala yaulere ya 116, Linha Fala Criança, yokanenako nkhanza zochitikira ana. Malamulo alipo, koma mtsikana wa kalasi 8 sayamba ndi kuimba foni. Amayamba ndi kuyang'ana ngati pasukulupo pali mayi amene angamuuze. Ku sekondale aphunzitsi aakazi ndi ochepa kuyerekeza ndi amuna, makamaka kumidzi, ndipo pa sukulu ina imene ndinagwirapo ndinali ndekha pakati pa abambo oposa 20. Atsikana ankabwera kunyumba kwanga madzulo ngati akudzapempha mchere. Mwana wa mlongo wanu akadzakhala mphunzitsi, ntchito imeneyi idzamupeza, kaya waifuna kaya sanaifune, ndipo adzafunika kulimba mtima kuti akanene mnzake wa pantchito. Iye mwininso, ali kusukulu ya uphunzitsi, angakumane ndi wamkulu womuopseza ndi mamakisi. Mumuuziretu inuyo, ndi pakamwa panu, kuti zikadzatero adzakuimbireni, ndipo simudzamuimba mlandu kapena kumuwerengera ndalama zimene mwawononga. Atsikana ambiri amakhala chete chifukwa choopa kukhumudwitsa amene akuwalipirira.

Nanga mungadziwe bwanji kuti anawo akuwafunadi? Musamufunse, chifukwa adzangoti inde. Mumuone. Pa miyezi imene akudikira mayeso olowera, asonkhanitse ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a kalasi 7 ndi 8 a m'mudzi mwanu, aziwathandiza masamu kapena Chipwitikizi pakhonde katatu pa sabata, zimene timati explicação. Pakhale ndi mmodzi wovuta, amene aliyense anamulephera. Pakatha mwezi muone ngati anawo akubwerabe okha osatumidwa. Mumvetsere zimene amakamba pa chakudya chamadzulo. Ngati akungodandaula kuti ana a masiku ano ndi mbuzi, muganizirenso, mwina unamwino kapena zaulimi zingamuyenere bwino. Koma ngati akubwera atatopa n'kumakuuzani kuti uje lero wamvetsa kugawa, ndipo akudabwa chifukwa chimene uje wina sanabwere, ameneyo ndi mphunzitsi kale.

Kenako mumuperekeze ku sekondale imene ili pafupi nanu, mukapemphe kwa mkulu wa sukulu kuti akhale kumbuyo kwa kalasi tsiku limodzi lathunthu, kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza, makamaka m'kalasi ya mphunzitsi wamkazi. Aone fumbi la choko, mulu wa mapepala okachonga usiku, ndi ana atatu pa desiki imodzi. Akaweruka amufunse mayiyo kuti anadikira zaka zingati asanalembedwe ntchito, anayambira kuti, ndipo ndani anamugwira dzanja chaka choyamba. Inu mukakhale panja ndi alonda, mudzamufunse pobwerera.

Za mbatatesi, musagulitse zonse pa nthawi yokolola pamene ogula a ku Lizulu ndi a malole a ku Tete akutchula mtengo okha. Ndalama zolembetsera mayeso ndi za ulendo zimafunika kumapeto kwa chaka, ndipo za lendi ndi zolembetsera sukulu zimabwera chaka chikangoyamba, nthawi imene kumudzi kuli njala. Mupatule matumba a zimenezo padera, musunge mbewu ya chaka chamawa, ndipo mukhale pansi ndi mlongo wanu ndi abale ena a mbumba kuti aliyense anene chimene adzaponyepo chaka chilichonse mwa zaka zinayizo.